Maxply imeneyo musaipereke kwa wokoka zingwe

Ayi achimwene, ayi! Musaipereke kwa wokoka zingwe raketi ya tenisi imeneyo, kaya mawa kaya mwezi wamawa. Nditangoona chithunzi chanu m'gulu lathu lino la otolera maraketi akale, Maxply Fort, raketi yamtengo ya Dunlop, ili m'chopanira chake (matabwa a masikuluwu opanira mutu wa raketi kuti usapindike), zingwe ziwiri zaduka pakati, inu n'kumafunsa zoti ndi yakale bwanji komanso ngati mungaikokere zatsopano kuti mukayesere pabwalo, m'mimba mwanga munangoti thyu. Yanga inali chomwecho ndendende. Lero ili m'katoni pansi pa bedi, zidutswa ziwiri, ndipo sindinalimbebe mtima kuitaya.

Ine ndinaipeza pa kaunjika, kwa bambo wina wogulitsa zakale. Ndinali nditangoyamba kumene kutolera, maraketi anga anali anayi okha, ndiye mukudziwa mmene munthu amakhalira akangomva dzina lakuti Maxply. M'mutu mwanga munali akatswiri amene ankasewera ndi Maxply, Rod Laver wa 1962 ndi McEnroe akugonjetsa Borg ku mpikisano wa Wimbledon mu 1981, basi nzeru zonse zinathawa. Raketiyo inali kuwala ngati yangotuluka m'fakitale dzulo. Bamboyo atandiona kuti ndakodwa anayamba nyimbo yake: iyi ndi ya m'ma 1930, yoyambirira yeniyeni, mwini wake anasewerapo ku Wimbledon. Dzina la mwini wakeyo? Akuti lawathawa pang'ono, alikumbukira. Ndinawapempha kuti amasule chopanira ndione mutu bwinobwino, iwo akuti masikuluwu achita dzimbiri, akaumiriza athyoka, ndiye ndani alipire. Paphewa lakumanzere, pamene mutu wa raketi umakumana ndi khosi, panali tepi yakuda yokulungidwa mwaukhondo, ndinailoza, akuti ndi mmene ankakongoletsera kale. Ndipo ine mwana wa munthu ndinavomera! Ndinapereka ndalama zimene ndikanagulira maraketi ena atatu abwinobwino, n'kuchokapo ndikuthamanga kuopa kuti asintha maganizo.

Kunyumba ndinadonthezera mafuta pa masikuluwu aja, ndipo sanavute n'komwe, anamasuka ndi zala. Apo ndiye ndinayamba kukayika. Nditaigoneka patebulo inkagwedera, mbali imodzi ya mutu itakwera moti pensulo inkalowa pansi pake osakhudza. Ndinaigwira kuchogwirira n'kuiyang'ana ndi diso limodzi ngati ndikulozetsa mfuti: mutu wopotoka, wopenyera kumbali. Ndinadzitonthoza kuti chopanira chiwongola. Miyezi itatu ili chopanidwa, ndikumangitsa masikuluwu sabata iliyonse ngati ndikupereka mankhwala kwa wodwala. Palibe chinasintha. Chopanira chimaletsa raketi yowongoka kuti isapindike, koma imene inapindika kale zaka makumi angapo zapitazo sichiibweza, ndipo ogulitsa ena amachiika dala kuti chibise chilema.

Mpaka pamenepo ndikanangoipachika pakhoma, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mtima wofuna kumva mmene inkalirira ikamenya mpira, mtima womwe uli ndi inuyo panopa, unandituma kwa mnyamata wina wokoka zingwe. Makina ake abwino ndithu, ntchito yake pa maraketi a masiku ano sindingainyoze. Ndinamuuza momveka, kawiri: nayiloni yofewa, kukoka kwake mapaundi 40, osapitirira. Iye anandiseka, akuti akulu musaope, Borg ankakoka mapaundi 80 pa raketi yamtengo. N'zoona Borg ankakoka mpaka pamenepo, moti zingwe zinkaduka zokha usiku zili m'chipinda cha hotelo, koma Donnay zake, maraketi amene ankasewera nawo, zinali zatsopano, ndipo anali nazo mulu, imodzi ikathyoka amangotola ina. Ine yanga inali imodzi, guluu wake wouma zaka zoposa makumi anayi. Ndinamufotokozera zonsezi iye akungogwedeza mutu, maso ali pafoni.

Ndinatuluka pang'ono kukayankha foni. Mphindi khumi zokha. Pobwera ndinapeza wadula zingwe zonse zakale n'kuziponya m'bini, zingwe za matumbo a ng'ombe zija zachikasu, pamodzi ndi kachingwe kofiira kopyapyala kamene kankalukidwa kumtunda ndi kumunsi kwa mutu, kamene akale ankagwiritsa ntchito pochita maere oti ayambe ndani, kupota raketi n'kufunsa kuti kosalala kapena kokhakhala. Tizikopa tija timene timakhala pa mabowo a pakhosi kuti chingwe chisadye mtengo nato anali atataya, akuti n'zinyalala. Pa makina anali atakoka kale zingwe zoimirira zisanu ndi chimodzi. Ndinakhudza chimodzi ndi chala, cholimba gwa ngati waya. Poliyesitala! Ndikufunsa, akuti nayiloni yatha, koma iyi ndi yabwino kuposa. Ndinasuzumira pa nambala ya makina: 58, mulingo wake wa tsiku ndi tsiku, sanasinthe n'komwe. Ndisanatsegule pakamwa anaponda kuti akoke chachisanu ndi chiwiri.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Poyamba kunali kulira kwapansipansi, tse, tse, tse, ngati nkhuni zikuyamba kugwira moto. Iye anaima, tinayang'anana. Kenako phwa! Phewa lakumanzere, pa tepi paja, linayasama. Timatabwa topyapyala timene anamatiza popanga mutu wa Maxply tinalekana tokhatokha ngati masamba a buku lonyowa, mutu wonse n'kugwera mbali imodzi uli chimangidwire pa makina. M'katimo munatuluka fumbi loyera, losalala, n'kuthirikira pa nsapato yanga. Ndinangoti kakasi. Ndinatola kachidutswa kamodzi, kopepuka ngati chiputu cha bango, mabowo okhaokha. Inali itafumbwa mpaka pakhosi. Pansi pa tepi ija panali mng'alu wakale wothiridwa guluu wa mipando, ndipo timabowo ta tizilombo tinali titatsekedwa ndi phula, pamwamba pake n'kupaka vanishi watsopano. Kuwala kuja kunali kumeneko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manja anga ankanjenjemera moti ndinalephera kumasula raketiyo pa makina, anachita kundimasulira iye yemweyo, ndipo ndili chigwirire zidutswazo anandiuza kuti ndilipire chingwe chake chimene chawonongeka.

Ndilipire! Munthu wandiphera chinthu changa pamaso panga, wanyoza malangizo anga onse atatu, pepani sananene ngakhale mmodzi, akuti chinali chowola kale akulu. Inde chinali chowola, koma ndani anamutuma kutaya zingwe zakale? Zimene zija sungazipezenso. Ndipo bambo wa kaunjika uja nditabwerera kwa iye ndi katoni yanga, anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Akuti munaona nokha, munagula nokha. Ndinamuonetsa phula lija ndi chikhadabo, iye akuti mwina mwaika ndinu. Anthu otere amadziwa bwino lomwe zimene akuchita. Amakhala pansi usiku ndi kandulo kutseka mabowo limodzilimodzi, akudikira chitsiru chonga ine kuti achidyere masuku pamutu. Mpaka lero ndikamuganizira tulo timandithawa.

Chimene chinandimaliza n'chakuti patapita nthawi, mkulu wina wa m'gulu momwe muno ataona chithunzi cha zidutswazo anandilozera chizindikiro cha Dunlop pakhosi, D uja wokhala m'kamuvi. Chizindikiro chimenecho chinayamba cha m'ma 1960. Ndiye za 1930 zija linali bodza la masanasana, ndipo umboni unali pamphuno panga tsiku loyamba lomwe. Yanunso ndaona ili ndi D yemweyo, choncho musaiyese ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Maxply inapangidwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1980, zaka makumi asanu, zambirimbiri, ndiye dzina lokhalo silikuuzani msinkhu. N'chimodzimodzi Wilson Jack Kramer Autograph, inagulitsidwa mamiliyoni. Anthu akaona siginecha ya Kramer kapena ya Chris Evert pa shafuti, mtengo wa pakati pa mutu ndi chogwirira, amayesa kuti katswiriyo anasaina ndi dzanja lake, pamene inangodindidwa ku fakitale pa iliyonse.

Mukafuna yakaledi yang'anani chogwirira. Za m'mbuyo mwa 1930 zambiri zilibe chikopa, ndi mtengo weniweni wolembedwa mizere kuti dzanja lisaterere, kachikopa kali kumapeto kokha, zina kumapetoko n'kogawanika ngati mchira wa nsomba, monga Slazenger Demon. Mutu wake ndi mtengo umodzi wopindidwa ndi nthunzi, osati timatabwa tomatiza, ndipo za m'ma 1880 zina n'zaphwatalala pamwamba. Ikakhala ndi chikopa chokulunga chogwirira chonse, mizere yamitundumitundu pamapewa, ndi kolembedwa kuti Light, Medium kapena 4 5/8 m'mbali, ndi yaposachedwa ndithu. Ndipo chonde yezani musanasangalale. Ya tenisi imatalika mainchesi 27, kulemera kwake kufupi ndi magalamu 400, mutu wa masikweya inchi 65 kapena pamenepo. Mukaona kamutu kozungulira, khosi lalitali lowonda ngati la mbalame ija chumba, imeneyo ndi ya sikwashi. Wina anaikapo yotere muno mwezi watha, tinachita kumunong'oneza.

Ndiye mverani. Musagule raketi ili m'chopanira. Wogulitsa akakana kumasula, tembenukani muzipita. Igonekeni pamalo osalala, iyang'aneni ndi diso limodzi, igogodeni ndi chikhadabo kuzungulira mutu wonse. Yamoyo imalira ngo ngo, yofumbwa imalira ngati chitini chopanda kanthu. Tepi iliyonse imene sikufanana ndi ya phewa linalo ikubisa chinachake. Vanishi wowala kwambiri muopeni kuposa wosuluka. Inunkhizeni, vanishi watsopano samabisika. Mukapeza timabowo tokhala ndi fumbi musailowetse m'chipinda chimene muli zinzake, tizilombo timasamuka. Ngakhale kunena zoona, mutandionetsa Donnay Borg Pro lero, yakuda ija yokhala ndi chogwirira chachitali cha manja awiri, ili m'chopanira chadzimbiri, wogulitsa akukana kumasula, ine ndigula pompo osafunsa funso. Zimenezo sizikudikira munthu. Ndinazengereza kamodzi kwa tsiku limodzi lokha, pobwerera inali itapita.

Yanuyo isiyeni mmene ilili. Zingwe ziwiri zodukazo musazikhudze, ndi mbali ya mbiri yake, ndipo otolera amakonda zingwe zakale zoduka kuposa zatsopano zonyezimira. Ipukuteni ndi kansalu kouma, musaipale, musaipake vanishi, chikopa musachichotse ngakhale chakakamala. Isakhale padzuwa, pachinyezi kapena m'galimoto, guluu wakale salimba ndi kutentha. Masikuluwu a chopanira mangani mofanana mbali zonse, osafinya ngati mukulanga.

Mukati mwatsimikiza mtima kuti musewere, pezani ina yoti ikathyoka musalire. Wilson T2000 yachitsulo ija ya 1967, imene anaipanga potsata nzeru ya René Lacoste, yomwe Connors anatengera Wimbledon mu 1974, siifumbwa, koma zingwe zake zimakolekedwa pa waya wozungulira m'mphepete ndipo okoka ambiri a masiku ano sanaionepo, ndiye vuto ndi lomwelija. Prince Classic ya 1976 ya Howard Head, ya aluminiyamu, mutu wa masikweya inchi 110, imeneyo ndiye n'njosavuta, aliyense angaikoke, kungoti pulasitiki wa pakhosi amauma n'kusweka, mumuyang'ane kaye. Kapena Dunlop Max 200G imene ankasewera nayo Steffi Graf ndi McEnroe, ngati mwayi wakugwerani.

Inetu ndisakunamizeni, Jack Kramer yanga ndinaikoketsa zingwe chaka chatha ndipo ndimasewera nayo Loweruka lililonse. Kukoma kwake mpira ukagwera pakati penipeni sikufanana ndi china chilichonse. Ndinapita kwa mdala wina amene anayamba ntchitoyi maraketi akadali amtengo, ndinakhala pampando pambali pake kuyambira chingwe choyamba mpaka mfundo yomaliza, foni nditazimitsa, ndipo nambala 38 pa makina ndinaika ndi chala changa. Tumizani chithunzi cha mapewa onse awiri mutaitulutsa m'chopaniramo, ndi china mutaigoneka patebulo. Pali kamthunzi kena kumunsi kwa phewa lakumanja kamene sikakundisangalatsa.