Musaikenso sampulo mu DSC imeneyo, tsegulani kaye muone m'kati

Achimwene, imitsani kaye makina anu a DSC, oyeza kutentha komwe sampulo imamwa kapena kutulutsa mukamaitenthetsa, muwasiye azizire, mutsegule chivundikiro cha cell, kachipinda kolowamo sampulo, muunike ndi tochi. Girafu mwationetsayi, yomwe mwapeza potenthetsa tizidutswa ta mabotolo a pulasitiki ya PET mpaka 400 °C, sikunena za PET yokha ayi. Chithumba chotambalala chapafupi ndi 100 °C ndi madzi, tizidutswa tanu sitinaume, zimenezo n'zazing'ono. Chondidetsa nkhawa ndi kunjenjemera kwa mzere kuyambira cha m'ma 270 kupita kumtunda, ndi baseline, mzere wapansi wa girafu, yomwe yapendekeka osabwereranso. Chilipo chinapsa m'katimo, ndipo ine ndikuloza PVC, pulasitiki ina yokhala ndi chlorine.

PVC ndi PET zonse zimamira m'madzi. Otsuka mabotolo akathira m'thanki, zotsekera za pulasitiki yopepuka ya PP ndi HDPE zimayandama n'kuchotsedwa, koma kachidutswa ka lebulo ya PVC kamatsikira pansi limodzi ndi PET, ndipo ndi maso simungakasiyanitse. Kakangolowa mu pan, kambale kakang'ono ka aluminium koikamo sampulo, zimayenda chonchi. Kutentha kukadutsa 200 °C kamayamba kutulutsa mpweya wa asidi wa HCl pang'onopang'ono, pofika m'ma 280 kakhala kakutulutsa mwamphamvu. PET nayo yasungunuka kale cha pa 250. Ngati pan munaitseka ya hermetic, yotsekeka kotheratu, mpweyawo ulibe potulukira, pan imafufuma, pansi pake pamachita mimba, siikhalanso bwino pa sensa, ndiye kunjenjemera mukukuonako. Kenako imang'ambika m'mphepete momwe munafinya muja, PET yosungunuka n'kutayikira pa sensa. Mukatsegula mumalandiridwa ndi fungo loluma m'mphuno, pansi pali chinthu chakuda chonga phula, pan yakakamira. Apa ndi pomwe anthu amaonongeratu zinthu: munthu wachita mantha, wagwira pan ndi tweezers n'kukoka mwamphamvu, sensa yapindika. Phulalo limachoka, koma sensa yopindika kapena yodyeka ndi asidi siikonzeka ndi burashi.

Chimandinyansa ndi khalidwe la m'malabu ogwiritsa makina amodzi anthu ambiri. Wina wapsereza chinthu, waona bwinobwino, watseka chivundikiro mwakachetechete, m'buku osalemba kanthu, ulendo. Wobwera m'mawa mwake ndiye amasenza mlandu, kapenanso amatha sabata yathunthu akuyeza masampulo pa sensa yakuda, manambala onse n'kukhala otaya. Ogulitsa tizidutswa nawo amalumbira kuti "ndi PET yokhayokha" pomwe sanayezepo. Ndiye palinso akuluakulu aja amene amangoti kwerani mpaka 400 tione zonse. Muone chiyani? PET ikasungunuka nkhani ya DSC yatha. Kupsa kwa chinthu ndi ntchito ya TGA, makina ena oyeza kulemera kwa sampulo ikamatenthedwa.

Pan ikakakamira, tenthetsani cell pang'ono mpaka pulasitikiyo ifewe, cha pa 260, muichotse mosamala osapotokola. Kenako cell yopanda kanthu muitenthe ndi mpweya wamba, osati nitrogen, mpaka pomwe buku la makina anu lalola, ambiri amati 500 mpaka 600 °C. Musaiwalemo pan, aluminium imasungunuka pa 660 °C. Ikazizira pukutani phulusa ndi kaburashi ka fiberglass, mopepuka. Mukatero yendetsani baseline yopanda sampulo, kenako indium, chitsulo choyesera ngati makina akuwerenga bwino. Onset yake, pomwe imayamba kusungunuka, ikhale 156.6 °C, enthalpy, kutentha komwe imamwa posungunuka, pafupifupi 28.5 J/g. Pa chitsulo timawerenga onset, osati nsonga ya peak. Mukapeza kuti yasuntha pang'ono, chitani calibration mupitirize. Ikamasinthasintha mukabwereza katatu, sensa yavulala, itanani amisiri.

Poyezanso, umitsani tizidutswato kaye, dulani kamodzi kosalala ka 5 mpaka 10 mg kagone pansi pa pan, osaunjika. Osagwira pan ndi zala. Pan yachiwiri ya reference ikhale yamtundu womwewo, yopanda kanthu. Ngati ndi ya hermetic boolani kabowo ndi singano pachivundikiro. Nitrogen 50 mL pa mphindi, kutentha kukwere 10 °C pa mphindi kuchokera pa 30 mpaka 280, mukhale pamenepo mphindi 3, muzizitse pa liwiro lomwelo, mukwerenso. Yezani kulemera kwa pan musanayambe ndiponso mukamaliza. Kukatsika, china chake chatuluka, ndipo mudziwe komwe chapita.

Mudzaona Tg, pomwe pulasitiki imayamba kufewa, ngati kasitepe pakati pa 70 ndi 80 °C, osati peak. Tizidutswa tapakhosi pa botolo timaonetsa cold crystallization, kupanga makristalo potenthedwa, cha pa 120 mpaka 140, tapathupi pa botolo nthawi zambiri sititero chifukwa tinakokedwa kale popanga. Kusungunuka kuli cha pa 250. Onaninso muvi wa exo pagirafu, wosonyeza mbali ya kutentha kotuluka, makina ena amaulozetsa m'mwamba ena pansi, anthu amawerenga chozondoka. Poyerekeza mtundu wa PET gwiritsani ulendo wachiwiri wotenthetsa, woyambawo uli ndi mbiri ya botolo. Koma ngati mukufuna crystallinity, kuchuluka kwa makristalo, ya tizidutswato momwe tilili, ndi woyamba womwewo: chotsani enthalpy ya cold crystallization pa ya kusungunuka, gawani ndi 140 J/g, chulukitsani ndi 100. Njira zoyezera pulasitiki ndi DSC zili mu miyezo ya ISO 11357 ndi ASTM D3418.

Chinthu chomwe simukuchidziwa chisalowe mu DSC chisanadutse pa TGA, limenelo ndi lamulo. Koma TGA si aliyense ali nayo, ndiye tengani waya wa kopa, muutenthe mpaka ufiire, mukhudze kachidutswako, mubwezere pamoto. Lawi likabiriwira muli chlorine, tayani. Likapanda kutero dulani mbali ina ya kachidutswa komweko, ikani 3 mg yokha, yendetsani basi, koma osadutsa 280, ndipo mulembe m'buku.