Koleji yapempha holo yathu ya ku Mufakose: tivomere kapena tikane?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, msungichuma pampingo wawo. Anapempha kuti ndisatchule dzina lawo ngakhale la koleji, ndiye ndizingoti Mayi. Nkhani yawo inali iyi:

"Koleji ina ya muno mu Harare, komwe ana athu angapo amaphunzira, yatilembera kalata kupempha holo ya tchalitchi. Akufuna kuchitiramo mwambo wotolera ndalama, aitane anthu akufuna kwabwino, a mabizinezi ndi amene anaphunzirako kale. Akuti zaka zonse amachitira pakoleji pomwepo kapena kuhotela m'tauni, koma chaka chino akufuna kubwera pakati pa anthu kuti ubale ulimbe. Akuluampingo agawanika. Ena akuti ndi ulemu, ena akuti akufuna kutidyera masuku pamutu, ajambule umphawi wathu kuti olemera atsegule zikwama. Inu mukuona bwanji?"

Mayi, zikomo pondiuza nkhani imeneyi. Ine ndikuti vomerani. Koma musavomere pafoni, ndipo musangopereka makiyi a holo n'kukakhala kunyumba.

Akuluakulu amene akukayikawo musawaone ngati ovuta, ali ndi kumene akuchokera. Makolo athu ambiri anafika mumzinda uno kuchokera ku Nyasaland, Malawi wa lero, mzindawu ukadali Salisbury, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito m'makhitchini, kukhonsolo, kunjanji ndi m'mafamu a fodya. Yunivesite yaikulu ya ku Mount Pleasant ija, imene lero ndi University of Zimbabwe, pamene inkayamba kuphunzitsa mu 1957, dzina lake linali University College of Rhodesia and Nyasaland. Nyasaland analimo m'dzinamo, koma anthu akwathu ambiri amene ankaponda ku Mount Pleasant masiku amenewo ankakatchetcha kapinga ndi kuphika m'nyumba za azungu, osati kukakhala m'kalasi. Munthu amene anakula akudziwa kuti sukulu yapamwamba ili ndi eni ake, lero mukamuuza kuti sukuluyo ikubwera yokha pakhomo pake, afunsa kuti, "Yafuna chiyani?" Funso limenelo silolakwika.

Yafuna ndalama, tisanamizane. Fizi imene makolo amalipira siikwanira kugula makompyuta, kukonza malo ogona ophunzira ndi kuthandiza ana amene atsala pang'ono kusiyira panjira chifukwa cha ngongole. Kupempha si tchimo, ifenso timapempha tikamamanga tchalitchi. Ndipo chifukwa chimene akufunira kutuluka pageti chikumveka. Pageti pa koleji pamakhala mlonda wofuna chitupa, wofunsa kuti mukukaonana ndi ndani. Ngati koleji ili mbali ina ya tauni, munthu wa ku Mufakose akwere kombi ziwiri popita, ziwiri pobwera, ndipo mwambo ukatha usiku abwerere pa mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, mtima uli m'mwamba. Kuhotela nako ndalama yambiri imathera m'mbale ndi m'zokongoletsa, ndipo amabwera ndi anthu omwewomwewo chaka ndi chaka. Pamene aphunzitsi, amakaniki ndi osoka zovala amene anadutsa m'makoleji amenewa ambiri amakhala ku Highfield, Glen Norah, Kambuzuma, Mabvuku ndi ku Chitungwiza. Sangagule tebulo lonse kuhotela, koma madola asanu mwezi ndi mwezi angathe. Palinso ichi: wopereka ndalama zambiri amalimba mtima akaona kuti eni dera nawo aponyapo kangachepe kawo. Choncho kubwera kwanu nokha m'holomo ndi chuma kwa koleji, ngakhale musapereke kalikonse. Zimenezi muzidziwe pokambirana nawo, chifukwa simukupita ngati opemphedwa holo chabe.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga, ndipo ndinalimo m'kulakwako. Zaka zingapo zapitazo ndinali m'komiti ya ophunzira akale pakoleji ina, dzina ndisunga. Tinagwirizana zokachitira mwambo wathu m'holo ina ku Highfield, mawu ake omwewa akuti ubale ulimbe. M'mawa kunafika lole itadzaza mipando yovekedwa nsalu zoyera, ophika anachokera m'tauni ndi miphika yawo, ndipo pakhomo tinaimikapo alonda awiri atagwira mndandanda wa oitanidwa. Zolankhula zinatenga maola atatu, zonse m'Chingerezi. Ana a m'deralo anakwera pampanda n'kumasuzumira m'mawindo. Chapakati pa mwambo ndinaona agogo ena aakazi pakhomo, akumasula mfundo ya pachitenje kuti aonetse mlonda ndalama imene anabwera nayo. Ndinamva pambuyo pake kuti ndi amene ankalipirira mdzukulu wawo fizi pakoleji yomweyo ndi ndalama za tomato. Mlonda anayang'ana pamndandanda, anapukusa mutu. Agogowo anamanganso mfundo yawo bwinobwino, n'kutembenuka. Ine ndinali chiimire pafupi ndi chitseko, mapepala a ndondomeko ali m'manja, ndipo sindinatuluke kukawaitana. Mpaka lero ndikadutsa pamsewu umenewo ndimachita manyazi. Kutacha eni holo anapeza zinyalala mbwee, chimbudzi chitatsekeka, mayunitsi a magetsi atatheratu. Ife mulipoti lathu tinalemba kuti ubale ndi anthu a m'dera walimba.

Tinasamutsa malo, koma geti tinanyamula n'kupita nalo. Ndicho chimene akuluampingo anu akuopa, ngakhale akuchinena m'mawu ena.

Ndiye musanayankhe, itanani mkulu wa kolejiyo mwiniwake, osati mnyamata wotumidwa ndi kalata. Abwere adzakhale pabenchi ndi akuluampingo, amwe tiyi, aone chimbudzi chanu ndi pamene mumatunga madzi. Akakana kubwera kudzakambirana, mwadziwiratu mtundu wa ubale umene akunena.

Pa ndalama ndichedwapo pang'ono, chifukwa inu ndinu msungichuma ndipo zikadzavuta anthu adzaloza inu, koleji itapita kale. Funsani kuti ndalamayo ndi yachiyani kwenikweni. Akati "chitukuko cha koleji", musakhutire, mawu amenewo amameza chilichonse kuyambira simenti mpaka matayala a galimoto ya bwana. Anene chinthu chogwirika: thumba la fizi ya ophunzira osowa, makina osokera, mjigo. Ndikanakhala ine ndikanalimbikira kuti gawo lina likhale la ana ochokera ku Mufakose ndi madera oyandikana nako, ndipo munthu mmodzi wa kwanu akhale nawo posankha anawo.

Musaiwalenso kuti anthu a m'dziko muno anapsa kale. Mu 2008 ndalama zosunga zinasanduka mapepala, mu 2019 zimene anthu ankati ndi madola kubanki zinasandulika ndalama ya m'dziko muno, ndipo kuyambira Epulo 2024 tili ndi ndalama yatsopano ya ZiG pambali pa dola ya ku America. Choncho munthu akaimirira n'kulonjeza 500 anthu akuwomba m'manja, mlembi afunse pomwepo kuti 500 yachiyani ndipo ifika liti, alembe. Lonjezo lopanda tsiku limauma ngati mame. Ndalama ya m'manja iwerengedwe m'holo momwemo, awiri a kukoleji ndi awiri a kumpingo, ndipo chiwerengero chilengezedwe anthu asanabalalike. Lisiti liperekedwe ngakhale kwa wopereka dola imodzi. Otumiza pa EcoCash atumize ku nambala ya koleji, osati ku foni ya munthu, kaya munthuyo ndi wolemekezeka chotani. Ndipo wina awakumbutse anthu kuti kutumiza ndalama pafoni kuli ndi msonkho wake, uja anaukweza kufika pa 2% mu 2018, kuti asadzadabwe.

Apa, kunena zoona, ife ndi amene tingaphunzitse koleji. Masosaite athu a maliro akhala akusunga mabuku kuyambira kale, pamaliro chopereka chilichonse chimalembedwa n'kuwerengedwa pagulu, ndipo amayi a mukando, magulu aja osunga ndi kubwerekana ndalama, sasowetsa ngakhale senti. Anthu amene amayendetsa zimenezi sanapite kukoleji ambiri mwa iwo. Muwauze akukolejiwo kuti pakatha miyezi itatu abwere m'holo yomweyo adzawerenge lipoti monga timachitira ife: zinalowa zingati, zinatuluka zingati, zatsala zingati. Pepala lake limatidwe pachitseko cha tchalitchi.

Chimodzi chokha musamale nacho. Kuitana mayina ndi kupikisana popereka kumatenthetsa mwambo, tonse timadziwa mmene zimakomera kutchalitchi. Koma pamene pakhala mwini kampani pafupi ndi mayi wogulitsa masamba ku Mbare Musika, mpikisano umenewo umasanduka chipongwe. Pakhale bokosi kapena maenvelopu a ofuna kupereka mwakachetechete. Ndipo wobwera ndi nkhuku, thumba la chimanga, kapena mmisiri wowotcherera amene wati adzakonza mabedi a ophunzira kwaulere, alembedwe m'buku lomwelo ndi wa cheke.

Zophika zipatsidwe kwa amayi a pampingo, ndipo alipidwe monga akanalipidwira a m'tauni aja, osati kungothokozedwa pa maikolofoni. Achinyamata anu alandire alendo. Holo ilipiridwe, mayunitsi a magetsi a ZESA agulidwe, jenereta ikhalepo, osesa adziwike tsikulo lisanafike. Madzi osamba m'manja musawatenge mopepuka, kolera ya 2018 inavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro, pafupi ndi kwanu pomwepo. Pakhomo pasakhale mndandanda wobweza anthu.

Za zithunzi zimene akuluampingo akuopa, nenani mosapita m'mbali: mwana asajambulidwe makolo ake asanalole, ndipo wojambula asazungulire m'makwalala kusaka ngalande ndi milu ya zinyalala. Wophunzira amene akuthandizidwa asaimikidwe kutsogolo kuti afotokoze umphawi wa kwawo pamaso pa anansi ake. Akafuna kulankhula, alankhule za zimene akuphunzira. Chenjeraninso ndi mlendo wolemekezeka: akakhala wandale, mawa holo yanu ipatsidwa dzina la chipani. Ndipo wina wa kukoleji akabwera ndi nzeru yoti aitane gule adzasangalatse alendo pabwalo la tchalitchi, mumuuze mwaulemu kuti nkhani imeneyo ndi yaitali kuposa mmene akuganizira.

Tsopano chimene ine ndikuona kuti ndi chachikulu: kodi koleji ikubweretsa chiyani? Ndikanapempha tebulo limodzi pakhonde, pakhale munthu wa kuofesi yolembetsa ophunzira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Afotokozere makolo kuti makosi ambiri amafuna kuti mwana akhoze maphunziro asanu a O Level kuphatikizapo Chingerezi, ena Masamu omwe, kuti wolephera angabwereze bwanji, mafomu amatuluka liti, fizi ingalipidwe pang'onopang'ono kapena ayi. Zimaoneka zazing'ono kwa amene anakulira m'nyumba ya ophunzira, koma kwathu kuno ana ambiri amaphonya chaka chathunthu chifukwa palibe anawauza tsiku lotsekera.

Ndipo pali bala lathu lija la mapepala. Mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anakhala zaka ndi zitupa zolembedwa "alien", ndipo alipo ana ndi zidzukulu amene anakula opanda chikalata chobadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Koma si onse anakasinthitsa zitupa, ndipo mwana wanzeru amatha kukakamira pakhomo pa koleji chifukwa cha pepala. Koleji siipereka zitupa, imeneyo ndi ntchito ya kuofesi ya kalembera. Koma ikhoza kunena momveka mapepala amene imafuna, ndi kuuza makolo msanga kuti ayambe kuyendera zimenezi mwana akadali kusekondale. Tebulo limenelo likhoza kupindulira Mufakose kuposa ndalama zonse zimene zitoleredwe tsikulo.

Mwambo uyendetsedwe m'Chishona, Chingerezi chibwere pofunika, ndipo pemphero kapena mawu olandira alendo akhale m'Chichewa. Musachite nazo manyazi. Malamulo omwewo a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pamndandandawo Chewa ndiye ali poyamba. Ndi chifukwa cha alifabeti chabe, ndikudziwa, koma ine ndimakondwera nazobe.

Tsiku likhale Loweruka masana, chakumapeto kwa mwezi, ndipo osati mu Januwale pamene aliyense akulira ndi fizi ndi yunifolomu.

Zonse mukagwirizana zilembedwe papepala limodzi, asaine mkulu wa koleji ndi abusa kapena mlembi wa mpingo. Kenako, tiyi atatsala pang'ono kutha, mufunse funso ili inuyo, Mayi, mofatsa: "Nanga mudzabweranso liti musakufuna ndalama?" Mwina ophunzira a zamagetsi adzakonze mawaya a holo, mwina ophunzira zauphunzitsi azidzathandiza ana a Fomu 4 Loweruka, mwina atsegule laibulale yawo kwa ana anu patchuthi. Atchule chinthu chimodzi ndi mwezi wake. Komiti yathu ija funso limeneli palibe anatifunsa, ndipo ku Highfield sitinabwerereko.

Mukakumana nawo mundilemberenso. Ndikufuna kumva zimene ayankhe, komanso ngati akuluampingo okayika aja alole kukhala nawo pagulu lowerengera ndalama, chifukwa ndikanakhala inu ndikanasankha iwowo.