Musanaike choko pansi, funsani ngati mkangano wanu unakalembetsedwa

Aphunzitsi,

Mwalemba kuti mumaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ya kumudzi, kuti munalandira kalata yokukwezani giredi koma malipiro anu sanasinthe mpaka lero, ndiponso kuti ndalama za tchuthi zikuchedwa. Mtsogoleri wina wa bungwe la aphunzitsi m'dera lanu watumiza uthenga pa WhatsApp woti Lolemba nonse muike choko pansi, pamene ahedi akuti aliyense amene sadzalowa m'kalasi adzalembedwa dzina. Mukufunsa ngati lamulo likutetezani mukanyanyala ntchito, ngati mungaumirize atsogoleri kuti aonetse m'mene ndalama zimene mumadulidwa mwezi ndi mwezi zimayendera, komanso ngati mungawakakamize kuti pokambirana ndi boma aike patsogolo nkhani ya magiredi m'malo mwa maalawansi.

Ndiyambe ndi sitiraka, chifukwa ndiyo ingakuikeni m'mavuto sabata ikubwerayi. Ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko lino imakupatsani ufulu wolowa m'bungwe la anthu apantchito, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 limavomereza kunyanyala ntchito. Koma chitetezo cha lamulo chimaperekedwa kwa okhawo amene adutsa njira imene lamulolo linaika, ndipo uthenga wa pa WhatsApp, ngakhale utachokera kwa munthu waudindo m'bungwe, suli gawo la njirayo.

Lamuloli limagawa mikangano ya pantchito pawiri, ndipo apa ndi pamene ndaona milandu ya anthu olakwiridwa zenizeni ikugwa. Mbali yoyamba ndi ya zinthu zimene muli nazo kale ufulu chifukwa zinalembedwa m'malamulo, m'mgwirizano wa bungwe ndi olemba ntchito, kapena m'kalata yanu ya ntchito. Mbali yachiwiri ndi ya zinthu zatsopano zimene mukupempha, monga kukweza malipiro a onse kapena kuyambitsa alawansi imene kunalibe. Mkangano wa mtundu woyamba ukalephereka kwa mkhalapakati, lamulo limauloza ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, kuti woweruza anene ngati boma lili ndi ngongole kwa inu. Ndi wa mtundu wachiwiri umene lamulo limautsegulira khomo la sitiraka. Tsono taonani nkhani yanu: ndalama za giredi imene munakwezedwa kale ndi ndalama za tchuthi zimene zili m'ndondomeko ya ntchito yanu ndi ngongole, sipempho latsopano ayi. Loya wa boma akhoza kuima m'bwalo n'kunena kuti aphunzitsiwa anali ndi khomo la kubwalo lotsegula koma anasankha kutseka makalasi, ndipo mfundo imeneyo ndi yovuta kuiyankha.

Ngakhale mkanganowo utakhala wa mtundu wololedwa sitiraka, pali masitepe amene sadumphidwa. Uyenera kukanenedwa m'kalata kwa mlembi wamkulu mu unduna wa zantchito. Kenaka pamakhala kuyanjanitsa, ndipo popeza wokulembani ntchito ndi boma lomwelo, mkhalapakati ayenera kukhala munthu amene mbali zonse zagwirizana, apo ayi bwalo la zantchito limasankha. Lamulo limapereka masiku 21 oti kuyanjanitsaku kuchitike, pokhapokha mbali zonse zitavomereza kuonjezera. Zikakanika, bungwe limapereka chidziwitso cholembedwa cha masiku 7 kwa olemba ntchito ndi kwa mlembi wamkulu uja sitiraka isanayambe. Sitiraka ikadumpha zimenezi, olemba ntchito amatha kukatenga chiletso ku bwalo, ndipo amene wapitiriza kukhala kunyumba chiletso chitatuluka amakhala ngati wajomba kuntchito, mwinanso wanyoza bwalo.

Ndakhalapo m'bwalo pamene atsogoleri a anthu apantchito anabwera ndi chikwama chodzaza: mapepala a zokambirana za pamsonkhano, nkhani zodula m'nyuzipepala, mauthenga a pafoni osindikizidwa, ngakhale mndandanda wa mayina a mamembala amene anasaina ndi chala. Loya wa mbali inayo anafunsa pepala limodzi lokha, kalata yokanena mkangano ku unduna wa zantchito yokhala ndi chidindo ndi tsiku lolandirira. Panalibe. Woweruza sanafike n'komwe pa funso loti kodi anthuwo akuvutikadi, pakuti nkhani inathera pa kalatayo. Chimene chimandiwawa n'chakuti atsogoleri oterewa amadziwa bwino kuti pali njira, koma amaona kuti kulemba makalata ndi kudikira masabata atatu kuziziritsa mitima ya anthu, ndiye amathamangira kulengeza tsiku. Zikavuta, amene amalandira kalata yofunsidwa chifukwa chojombera si iwo, koma mphunzitsi wa Sitandade 2 amene anangomvera.

Mwina munena kuti mu 2017 aphunzitsi m'dziko muno ananyanyala ntchito chifukwa cha ndalama za tchuthi zomwezi ndipo boma linagwedezeka. N'zoona kuti sitiraka ya dziko lonse imagwedeza akuluakulu ku Capital Hill, koma kumeneko ndi kuopa kwa andale, sichitetezo cha lamulo chimene inu panokha mungakachigwire pamaso pa Teaching Service Commission, bungwe loona za kulemba ntchito, kukweza ndi kulanga aphunzitsi a boma. Kumbukiraninso za 2021, pamene Teachers Union of Malawi inatsogolera sitiraka yofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19: boma linapita ku bwalo la zantchito n'kukatenga chiletso. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha Labour Relations Act, ndipo tsopano olemba ntchito ali ndi mphamvu yodula malipiro a munthu amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka, ngakhale sitirakayo ikhale yotsata njira zonse. Choncho mawu a ahedi musawatenge ngati kuopseza chabe. Sindinganene motsimikiza kuti mudzadulidwa kapena kulangidwa, pakuti nthawi zina nkhani zotere zimathera pa tebulo la zokambirana, koma sitiraka ya dera limodzi yopanda kalata ya likulu la bungwe ndiyo yosatetezeka kuposa zonse.

Lolemba lisanafike, mufunseni mtsogoleri wanuyo mafunso atatu, ndipo mufunse polemba: kodi mkanganowu unakanenedwa liti ku unduna wa zantchito, mkhalapakati anali ndani, ndipo chidziwitso cha masiku 7 chinaperekedwa tsiku liti. Pemphani kuti akuonetseni makalatawo. Akayankha kuti zimenezo akudziwa ndi akuluakulu, lowani m'kalasi ndipo musaine m'buku la ofika pantchito.

Izi sizikutanthauza kuti ndalama zanu muzisiye. Nkhani ya giredi ndi yolimba kwambiri mukaitenga ngati ngongole, chifukwa umboni wake uli m'manja mwanu: kalata yokukwezani, imene ili ndi tsiku loyambira giredi yatsopano, ndi mapepala a malipiro osonyeza kuti mukulandirabe za giredi yakale. Lembani kalata ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu kudzera kwa ahedi, werengerani ndalamazo mwezi ndi mwezi, ndipo kope lanu lidindidwe. Maofesi ena ali ndi chizolowezi chouza munthu kuti fayilo yake ili ku Lilongwe n'kumubweza chimanjamanja chaka ndi chaka. Mawu amenewo m'bwalo sathandiza aliyense, chimene chimathandiza ndi chidindo chosonyeza kuti munadandaula. Mukakhala ambiri a vuto limodzi, bungwe likhoza kukasuma m'malo mwanu nonse pamodzi ku bwalo la zantchito, ndipo imeneyo ndi ntchito yeniyeni ya ndalama zimene mumadulidwa. Dziwani kuti kusumira boma kawirikawiri kumafuna kuti Attorney General, loya wamkulu wa boma, adziwitsidwe m'kalata miyezi itatu mlandu usanalowe, ndiponso kuti ngongole yochokera pa mgwirizano imakhala yovuta kuitsata pakadutsa zaka 6. Ofesi ya Ombudsman imalandiranso madandaulo a kuchedwetsa zinthu m'maofesi a boma popanda kulipira. Mukapambana, musayembekezere kuti ndalama zilowa mwezi womwewo, chifukwa chigamulo chotsutsa boma chimatenga nthawi kuti chilipidwe.

Za ndalama za bungwe, chida chanu ndi malamulo a bungwelo, amene analembetsedwa kwa Registrar wa mabungwe a anthu apantchito ku unduna wa zantchito. M'menemo ndi momwe muli nthawi ya zisankho, mphamvu za atsogoleri a bungwe a m'mazoni ndi a m'maboma, ndi amene ali ndi udindo woitanitsa sitiraka. Bungwe lolembetsedwa liyenera kupereka kwa Registrar chaka ndi chaka lipoti la chuma lounikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama. Lemberani mlembi wa bungwe kupempha kope la malamulowo ndi lipoti lomaliza la chuma. Akapanda kuyankha, lembaninso, kenaka pitani kwa Registrar ndi makope a makalata anu. Musathamangire kubwalo musanayese njira za m'kati mwa bungwe, chifukwa oweruza amakonda kubweza anthu otere, ndipo musalembe pa Facebook kuti wakutiwakuti waba ndalama mulibe umboni, mungapezeke ndinu amene mukusumiridwa.

Pa funso la zoyenera kuika patsogolo pokambirana ndi boma, palibe woweruza amene angalamule atsogoleri kuti ayambe ndi magiredi m'malo mwa maalawansi. Imeneyo ndi nkhani ya mavoti. Konzani mfundo yolembedwa, idutse pa msonkhano wa zoni, ilowe m'zolemba za msonkhanowo, ndipo nthumwi zanu ziinyamule kupita nayo pamwamba monga malamulo a bungwe akunenera. Maganizo anga ndi akuti mukulondola: giredi imakweza malipiro a mwezi uliwonse ndipo imakhudza penshoni, pamene alawansi ikhoza kuchotsedwa ndi kalata imodzi. Ndikadakhala m'malo mwanu ndikadaumiriranso kuti chilichonse chimene atsogoleri agwirizana ndi nthumwi za boma chilembedwe, chisainidwe ndi mbali zonse, ndipo chikhale ndi masiku enieni olipirira, chifukwa lonjezo lolengezedwa pa wailesi simungalitengere kubwalo, pamene mgwirizano wosainidwa umamanga onse.

Kutuluka m'bungwe ndi ufulu wanu, pakuti ndime 32 ya malamulo aakulu imaletsa kukakamiza munthu kukhala m'bungwe lililonse. Mungalembe kalata ku bungwe ndi ku ofesi yokonza malipiro kuti asiye kukudulani, koma mukatero mwataya voti imene mukufuna kusinthira zinthu. Ngati mwalandira kalata yokuimbani mlandu, musakane kuilandira, yankhani polemba m'masiku amene aperekedwa, ndipo pemphani kuti mumvedwe, monga ndime 43 ya malamulo aakulu ikulolera. Chigamulo cha bwalo la zantchito chimachitidwa apilo ku High Court m'masiku 30, pa mfundo za lamulo zokha. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu, mutanyamula kalata yokukwezani, mapepala a malipiro a miyezi yonse yokhudzidwa, ndi makope odindidwa a makalata amene munalemba.