Mbalame zosamuka zimapezeka m'matope

Achimwene, mwafunsa kuti munthu wongoyamba kumene aziima pati ndipo azipita nthawi yanji kuti aone mbalame zosamuka m'madambo ndi m'nyanja miyezi ya Malichi ndi Epulo, komanso ngati pakufunika ma binoculars (magalasi oonera patali) okwera mtengo. Ndiyambe ndi za malo, poti ambiri timaphonya pomwepa.

Ine poyamba ndinkangofika pagombe n'kuponya maso pakati pa nyanja, tsiku lonse n'kubwerako nditaona abakha awiri basi. Chonsecho chakudya chili m'mphepete, pomwe madzi akulekeza m'kakolo, pamatope onyowa ndi m'mabango. M'menemo ndi momwe muli nyongolotsi, tinkhono ndi tizilombo. Miyezi imeneyi chisanu chimakhala chikutha kumpoto, ndiye mbalame zomwe zinathawira ku Africa zikubwerera ku Ulaya ndi ku Asia kukaswa. Dambo kwa izo ndi pokhwasulira paulendo. Timbalame tina ta m'mabango timadya mpaka kulemera kwake kuwirikiza kawiri tisanadutse chipululu cha Sahara.

Khalani pansi, dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo mudekhe. Pakatha mphindi ngati 20 zimakuiwalani. Tsiku lina kambalame ka miyendo yaitali kanafika pafupi moti ndinkaona dontho la madzi likulendewera kunsonga kwa mlomo wake, kakujompha matope mofulumira ngati singano ya makina osokera. Ndikanaimirira ndikanangoona mapiko. Apa ndilankhule mosapsatira: anthu amene amaziopseza dala kuti ajambule zikuuluka amandinyansa. Mafuta amene mbalame yawononga pothawa inu ndi omwe ikanayendera ulendo wake.

Za nthawi, zimatengera zomwe mukufuna. Timbalame tambiri tating'ono timauluka usiku n'kutera m'bandakucha, choncho lawirirani. Kukagwa mvula usiku ndiye mwayi wanu, chifukwa zambiri zimakakamizika kutera. Adokowe ndi osiyana. Iwo amadikira dzuwa litenthe, mpweya wofunda uyambe kukwera, kenako amazungulira nawo m'mwamba osakupiza mapiko kwenikweni. Pamwamba pa nyanja yaikulu mpweya woterewu ndi wochepa, n'chifukwa chake amalambalala nyanja ya Mediterranean n'kukadutsira popapatiza, ku Gibraltar kapena ku Bosphorus, ena kudzera ku chigwa cha Hula ku Israel. Dokowe yemweyu ndi amene anathandiza azungu kukhulupirira kuti mbalame zimasamukadi. Mu 1822 pafupi ndi Klütz ku Germany anapha dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa wobaya pakhosi, ndipo mpaka lero amasungidwa ku yunivesite ya Rostock. Kale ena ankati anamzeze amagona m'matope pansi pa madzi chisanu chonse!

Ma binoculars musadandaule nawo. Olembedwa 8x42 (okulitsa chinthu kasanu ndi katatu) a mtengo wapakatikati akukwanirani, savuta kugwira osanjenjemera komanso amaonetsa bwino kusanache kwenikweni. Chomwe chingakuvuteni ndi timbalame ta m'matope tija, poti tonse timaoneka totuwa mofanana. Musayambire pa mtundu wa nthenga, chifukwa nyengo imeneyi zambiri zimakhala zikusintha nthenga kukonzekera kuswa. Yang'anani kutalika kwa mlomo, ngati ndi wowongoka kapena wopindika, mtundu wa miyendo, ndi kadyedwe kake. Lembani m'kabuku musanatsegule foni. Pambuyo pake pulogalamu ya Merlin ikuthandizani kupeza dzina, ndipo zomwe mwaona mutha kuzilemba pa eBird, tsamba la pa intaneti losunga mbalame zomwe anthu aona. Zonse ziwiri ndi za Cornell Lab of Ornithology, bungwe lofufuza za mbalame la ku America, ndipo ndi zaulere.

China, sankhani dambo limodzi muzipitako sabata iliyonse mpaka Epulo athe. Zomwe mwazipeza Loweruka lino, Loweruka linalo zikhala zitapita, pabwera zina. Ndipo valani nsapato zomwe simuzimvera chisoni.