Kodi ndigule m'sitolo yaikulu kapena kwa alimi athu?

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera kalata yofunsa ngati akulakwa pogula chakudya m'sitolo zikuluzikulu pamene mitengo yatsitsidwa, chonsecho mumtima amafuna kuti ndalama zake zizipita kwa alimi a kuno kwathu.

Mayi, simukulakwa. Chichokereni mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, palibe amene angadzudzule kholo lofunafuna potchipa kuti ana agone atadya. Komabe funso lanu labisa ganizo limene ndikufuna tiliunike, lakuti za mumsika ndi zakwathu ndipo za m'sitolo ndi zakunja. Kuno ku Blantyre zinthu sizili choncho nthawi zonse.

Taonani nthochi. Kale Thyolo ndi Mulanje ankadyetsa mzinda uno, koma matenda a chisaka atawononga minda, nthochi zambiri zimene mumaziona pa mulu ku Limbe zinayamba kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Pamene shuga wa m'sitolo ndi wa nzimbe za ku Nchalo ndi Dwangwa, tiyi ndi wa ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo mpunga wa Kilombero, ngakhale uli m'pepala lokongola, unalimidwa ku Karonga. Choncho musayang'ane khomo limene mwalowera, koma funsani kumene chinthucho chachokera, ndipo ngati chili m'paketi, werengani zimene zalembedwapo.

Pa ndiwo zamasamba, tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere, msika ndiwo umapambana, ndipo kawirikawiri ndiwonso wotchipa, poti m'sitolo simunenerera ndipo basela kulibe. Koma dziwani kuti mayi amene wayala mpiru ndi nkhwani ku Ndirande nthawi zambiri si mlimi. Iye wachita kupikula mbandakucha kwa ena amene anakaoda ku Bvumbwe kapena ku Lizulu, ndipo mlimi wa kudimba, amene tomato wake sangadikire mawa, ndiye amalandira zochepa kuposa onsewo. Ngati cholinga chanu ndi mlimiyo, pitani ku Bvumbwe kapena ku Lunzu pa tsiku la msika, mutagwirizana ndi anzanu awiri kapena atatu kuti mugawane ndalama ya minibasi ndi dengu la tomato. Ndikupempheninso kuti mukafika kumeneko musanenerere mpaka kumuliza munthu, chifukwa ndalama imene mwapulumutsayo yachoka pa feteleza wake.

Palinso zinthu zimene ine ndimagula m'sitolo mosachita manyazi. Mtedza wosasungidwa bwino umagwidwa chuku chimene chimawononga chiwindi, ndipo ukasinjidwa chukucho sichionekanso ndi maso, choncho chiponde ndimasankha chopangidwa m'Malawi muno chokhala ndi chizindikiro cha bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards. Mafuta ophikira ndimachitanso chimodzimodzi. Nsinjiro ndimasinja ndekha kuchokera ku mtedza umene ndasankha ndi manja, ndipo mkaka wa m'chigubu wa alimi a ku Bvumbwe muziuwiritsa kaye musanapatse ana.