Funsani Dokotala: Kodi kupola kwa chikhodzodzo kungabweretse khansa?

Funso: A Dokotala, ndine mlimi wa mpunga ku Lifuwu, m'boma la Salima, ndipo ndili ndi zaka 52. Likodzo ndadwalapo kangapo kuyambira ndili mwana. Mwana wanga amene ali kukoleji akuti anawerenga zoti pa kafukufuku wa makoswe, khansa imagwira msanga chikhodzodzo chimene chikupola chilonda. Ndiye kuti kupola kumayambitsa khansa? Masiku apitawa ndayambanso kuona magazi mumkodzo, koma sindikumva kupweteka kulikonse.

Yankho: Bambo, tiyambe ndi magaziwo. Sabata ino isathe musanapite kuchipatala cha boma ku Salima. Munthu wa msinkhu wanu akamakodza magazi popanda ululu, sitithamangira kunena kuti ndi likodzo lakale lija, ngakhale atakhala kuti amagwira ntchito m'madzi tsiku lililonse.

Zimene wawerenga mwana wanuyo zili ndi mutu. Mkati mwa chikhodzodzo muli kakhungu kopyapyala kamene kamatchinga mnofu kuti usapse ndi mkodzo. Kakhunguka kakakhala bwinobwino, maselo ake (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) sagawikana kawirikawiri, amatha miyezi ali phee. Koma pakangochitika chilonda, maselo a m'mbali mwake amayamba kugawikana mwachangu kuti atseke pobookapo. Selo lililonse pogawikana limakopera malangizo onse a mkati mwake, aja timati DNA. Munthu akamakopera kalata mothamanga amalakwitsa zilembo, ndipo ngati kalata yoyambayo inali yothimbirira kale, cholakwikacho chimalowa m'makalata onse otsatira. Selo limene lawonongedwa ndi kemikolo, likagawikana lisanadzikonze, ana ake onse amatengera chilemacho.

Ofufuza anaziona zimenezi pa makoswe. Pali makemikolo monga BBN ndi FANFT amene khoswe akawamwa m'madzi kapena kuwadya m'chakudya kwa masabata angapo, amatuluka zotupa m'chikhodzodzo. Mu 1982, Samuel Cohen ndi anzake ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anakhudzitsa kachitsulo kozizira kwambiri pachikhodzodzo cha makoswe mpaka panachita kachilonda. Chilondacho chinkapola chokha, koma makoswe amene ankadyetsedwa saccharin wambiri, ufa wozuna uja wolowa m'malo mwa shuga, kuyambira nthawi yopolayo, ena mwa iwo anatuluka zotupa.

Apa ndikuchenjezeni, chifukwa khoswe si munthu. Patapita nthawi zinadziwika kuti saccharin wochuluka amapanga timiyala ting'onoting'ono mumkodzo wa khoswe, timene timakanda chikhodzodzo mosalekeza, ndipo mkodzo wa munthu suchita zimenezi. Mu 2000 boma la America linachotsa saccharin pamndandanda wa zinthu zoganiziridwa kuti zimayambitsa khansa. Chimene chinatsala osagwedezeka ndi ichi: chikhodzodzo chimene chikungokhalira kuvulala ndi kupola, kuvulala ndi kupola, n'chosavuta kugwidwa ndi khansa. Chilonda chimodzi chopola bwino chisakudetseni nkhawa. Choopsa ndi kupola kosatha.

Kwathu kuno kunyanja, chokanda chikhodzodzo zaka ndi zaka timachidziwa. Tizilombo ta likodzo timatuluka mu nkhono za m'madzi odekha, monga m'ngalande za mpunga, m'madambo ndi m'mabango a m'mbali mwa nyanja, n'kulowa pakhungu munthu akamaoka, kuchapa kapena kukoka khoka. Tikakula timakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, n'kumaikira mazira. Dzira lililonse lili ndi kamunga kumapeto kwake. Ena amabowola khoma n'kutuluka ndi mkodzo, ndiwo magazi aja ana amaona pomaliza kukodza. Ena amakanirira m'khomamo, thupi n'kumalimbana nawo mpaka pamalopo pamauma gwa. Tikayang'ana ndi kamera mkati mwa chikhodzodzo chotere, timaona zigamba zotuwa zokhala ngati pathiridwa mchenga. Dokotala wina ku Cairo, Ferguson, analemba za mgwirizano wa likodzo ndi khansa imeneyi mu 1911, ndipo mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la IARC, la pansi pa WHO, linaika likodzo la m'chikhodzodzo pagulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu.

Nanga kemikolo ija imachokera kuti kwa munthu? Kwambiri ku fodya, kaya wa paketi kaya chingambwe. Poizoni wa mu utsi amalowa m'magazi, impso zimamusefa, kenako amakhala maola ambiri m'chikhodzodzo kudikira kuti mukodze. Mabakiteriya a matenda a m'njira ya mkodzo nawonso amatha kupanga makemikolo a mtundu womwewo wa BBN. Zimandiwawa kuona msodzi wa likodzo losachiritsidwa ali ndi ndudu pakamwa usiku wonse panyanja, chifukwa zinthu ziwiri zija ofufuza ankachita kuzikumanitsa dala mwa khoswe, chilonda ndi kemikolo, iye ali nazo zonse.

Musataye mtima. Anthu ambiri amene anadwalapo likodzo sadwala khansa. Praziquantel, mapiritsi omwe aja ana amalandira kusukulu atawayeza msinkhu, amapha tizilombo ta likodzoto ndipo mazira atsopano amaleka kubwera. Koma sakutetezani mukabwereranso m'madzi, n'chifukwa chake mlimi wa mpunga ayenera kumayezetsa kawirikawiri. Komanso sachotsa chotupa ngati chayamba kale.

Mukafika kuchipatala, auzeni zaka zanu, ntchito yanu, ndi zoti magaziwo akubwera opanda ululu. Akayeze mkodzo ngati muli mazira kapena mabakiteriya, ndipo mupemphe sikani ya chikhodzodzo. Ngakhale atapeza mazira n'kukupatsani mankhwala, magazi akapitirira kapena kubwereranso, bwererani msanga kuti akutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe angaone mkati ndi kamera ndi kutapa kanyama kokayeza. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo pa tsiku la sikani mumwe madzi ambiri osakodza, chifukwa chikhodzodzo chimaoneka bwino chikadzadza.