Amp ya bass musagule musanaimenye nsambo ya E

Achimwene inu mwafunsa za amp ya bass yotchipa, bokosi lija lokweza mawu a gitala ya bass, ndangowerenga thupi lachita tsembwe chifukwa ine njira imeneyo ndinaiyenda ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndimakhala kuno ku Lizulu, ndimalima mbatatesi ndi kabichi, bass ndinaphunzirira kutchalitchi pa gitala yobwereka. Nditakumba mbatatesi ndinagulitsa matumba 7 pamsika pompano, ndalama m'thumba, minibasi ulendo wa ku Lilongwe. Kumeneko mkulu wina anali ndi kashopu ka zida zakale, mawailesi, masipika, anandionetsa chibokosi chakuda chachikulu atamatapo kapepala ka 200 watts, akuti iyi mkulu ndi ya bass yeniyeni imagwedeza malata. Analumikiza foni yake n'kuika nyimbo, voliyumu pang'ono, panja makondakitala akukuwa, ine ndinangoti eee ikumveka bwino. Gitala ndinali nditaisiya kunyumba. Pobwera ndinaipakata pamiyendo njira yonse kudutsa pa Chimbiya, Dedza mpaka kutsika, miyendo itachita dzanzi koma mtima uli mbee.

Kunyumba ndikamaimba motsitsa pa E, nsambo yolira mawu otsika kwambiri, pamamveka kaphokoso ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo, ndinkangoti mwina ndi waya wa jaki.

Ndiye kunabwera ukwati wa msuweni wanga, mu June kukuzizira koopsa, mu holo yodzadza anthu, magetsi a jenereta. Amalume anali atauza anthu kuti bass sitibwereka kwina, mwana wathu ali ndi zida zake. Woimba ng'oma atangoyamba, kiyibodi n'kulowa, ine sindikumveka olo pang'ono. MC akundikodola ndi dzanja kuti kwezani kwezani, ndinapotokola voliyumu mpaka kumapeto, batani la bass nalonso kumapeto. Nthawi imeneyo akwati akulowa pakhomo akuvina pang'onopang'ono, azimayi nthungululu, ndalama za perekaniperekani zili kale m'manja, ine kumenya E ija osagwira paliponse. Inalira ngati munthu akung'amba chitenje, kachiwiri inachita kukhosomola, kenako zii. Fungo la pulasitiki wopserera linafika mpaka pamzere wakutsogolo pomwe panakhala akuchimuna, kautsi kakutuluka kumbuyo kwa bokosi. Zala zanga zinali zikuyendabe pa nsambo koma kulibe mawu. Wina kumbuyo anakuwa kuti wa bass watha mafuta, holo yonse kuseka. Mnyamata wa kiyibodi anandiyang'ana kamodzi n'kuyamba kuimba bass ndi dzanja lamanzere, ine ndinaima pomwepo gitala ili pakhosi mpaka nyimbo kutha chifukwa kutsika pamaso pa anthu onsewo miyendo inakana. Amalume sanandikalipire, anangoti zimachitika mphwanga, koma mawu amenewo anandipweteka kuposa kunditukwana. Chakudya cha ukwati umenewo sindinadye.

Lolemba ndinaitengera kwa wokonza mawailesi pa Ntcheu boma. Atamasula anandiitana kuti bwerani muone nokha. Inali amp ya gitala wamba, kumbuyo kwake kotsegula, ndipo sipika yake yeniyeni anaichotsa n'kuikamo yopyapyala ya wailesi ya m'nyumba, pepala lake litang'ambika, koyilo yakuda bii. Iye ndi amene anandiphunzitsa kuti E ya bass imalira pa 41 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 41 pa sekondi, pomwe E yotsika ya gitala ili pa 82 Hz, ndiye sipika ya bass imayenera kukankha mpweya wambiri, kupita kutsogolo ndi kumbuyo kwambiri, n'chifukwa chake bokosi lake limakhala lotseka kapena la kabowo kopumira. Sipika ya gitala ukaikakamiza ntchito imeneyo mokweza imafa basi.

Ndinamuimbira mkulu uja. Akuti mwaiotcha nokha ndi jenereta, katundu akatuluka sabwerera. Kuimbanso mawa lake foni osalowa. Munthu wamkulu ndithu wa imvi zake, anaona kuti uyu ndi wakumudzi sadziwa kanthu, anandifunsa ngakhale za ulimi akumwetulira uku akudziwa chimene anaika m'bokosimo. Mbatatesi imene ija ndinalima ndi khasu n'kuthirira ndi keni m'dimba m'mawa kuli chisanu, feteleza wangongole, iye anadya tsiku limodzi. Anthu otere ndi akuba basi, kusiyana kwake n'koti ali ndi shopu.

Ndiye mverani. Zakale za m'mashopu osadziwika zisiyeni. Kulikonse mukagule, nyamulani bass yanu ndi waya wanu, osalola kuyesera nyimbo za pafoni. Menyani E mokweza kwa mphindi 10, potokolani batani lililonse mumve ngati likukhekhereza, gwedezani jaki, nunkhizani kumbuyo. Akakana kuti mukweze tulukani. Muwerengenso kachitsulo kakumbuyo, magetsi athu ndi a 230 volts, zina zochokera ku America ndi za 120 volts zokha, mukangoilumikiza popanda transformer yapita. Nambala ya ma watts yomata ndi pepala musaikhulupirire, lembani dzina ndi model mufufuze pa intaneti muli pomwepo.

Ngati ndi yophunzirira kunyumba, Fender Rumble 25 ndi yokwana, sipika ya mainchesi 8, ili ndi polowetsa hedifoni ndi polumikiza foni kuti muziimba motsatira nyimbo usiku osadzutsa ana. Ampeg BA-108 ndi Hartke HD25 ndi za msinkhu womwewo. Koma tonseti pakalowa ng'oma timamira, musadzanamizidwe. Kutchalitchi yambirani pa Rumble 40 ya mainchesi 10, ubwino wake ili ndi XLR kumbuyo yotumiza mawu ku mikisa, ndalama ikalola Rumble 100 ya mainchesi 12 ndiye mwapuma. Ndipo ngati mpingo wanu uli kale ndi mikisa ndi masipika akuluakulu, kabokosi ka DI kolumikizira bass ku mikisa n'kotchipa kuposa amp iliyonse, bass imalowa mmenemo inu n'kumasunga ndalama modekha. Pa jenereta dikirani ilire kaye ikhazikike ndiye muyatse amp, pozimitsa yambani ndi amp.

Komanso kunena zoona zatsopanozo ndi mmene kwacha ilili ndani angazifike, ine imene ndili nayo pano ndi yakale yomwe, Peavey yolemera ngati thumba la chimanga, nsalu yakutsogolo inang'ambika, ndinagula kwa mnzanga wa kwaya ya ku Bembeke ndipo sindinaiyese n'komwe tsiku logula chifukwa ndinali nditaimva ikulira Lamulungu lililonse ndikapita kumeneko. Chaka chachitatu chino sinandichititsepo manyazi. Ndiye yakale gulani, bola mwini wake mukudziwa pakhomo pake. Ngati muli mbali ya Dedza kapena Ntcheu kuno ndipo mwaipeza ina, ndilembereni ku inbox tsiku lisakhale la msika, ndinyamula bass yanga tikaimenye limodzi musanapereke ndalama.